Kuyesedwa Olungama ndi Chikhulupiriro: Kodi Paulo ndi Yakobo Amatsutsana?

Moni nonse amene mukuonera kuno ku Lilongwe, ku Dedza, ku Kasungu, ngakhalenso abale athu amene muli ku Johannesburg. Musanadumphire vidiyo ina, imvani funso ili: ngati munthu amayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro osati ndi ntchito zake, monga momwe Paulo analembera, n'chifukwa chiyani Yakobo analemba kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa? Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, choncho mfundo ziwiri zoyambirira ndizidutsa mofulumira kuti tifike pa yachitatu, imene yandichititsa kujambula vidiyoyi.

Mfundo yoyamba ndi tanthauzo la mawuwo. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, limati pa Aroma 5:1 "tinayesedwa olungama ndi chikhulupiriro", ndipo mawu amenewa ndi a pabwalo la milandu, pamene woweruza amagamula kuti munthu alibe mlandu. Ife a m'chigawo chapakati sitivutika kumvetsa zimenezi. Mnyamata akalekerera ziweto kudya chimanga cha eni, mfumu n'kugamula chindapusa chimene iye sangachikwanitse, amalume ake, monga mwini mbumba, amatulutsa mbuzi m'khola mwawo, ndipo mlandu umathera pomwepo. Paulo akunena kuti Khristu ndiye analipira, ndipo chikhulupiriro ndi dzanja lolandirira chimene chalipidwa kale.

Mfundo yachiwiri ndi mbiri, mwachidule. Martin Luther, mmonke wa ku Germany amene ankaphunzitsa Baibulo ku Wittenberg, ankazunzika mumtima chifukwa chosadziwa ngati mapemphero, kusala kudya ndi kuulula machimo kwake zinali zokwanira, mpaka pamene anamvetsa Aroma 1:17, vesi limene Paulo anatenga kwa mneneri Habakuku, lakuti wolungama adzakhala ndi moyo ndi chikhulupiriro. Mu 1517 analemba mfundo 95 zotsutsa malonda a zikalata zochotsera chilango cha machimo zimene Johann Tetzel ankagulitsa, ndipo mu 1521 anakana kubweza mawu ake pamaso pa mfumu Charles V ku Worms. Chiphunzitsocho chinafika kuno kwathu ndi amishoni, kuphatikizapo a Dutch Reformed Church amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, kumene kunachokera Sinodi ya Nkhoma.

Ngati mwafika pano, dinani batani la subscribe pamodzi ndi kabelu kali pambali pake, chifukwa zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti YouTube ionetse maphunzirowa kwa anthu ena.

Mfundo yachitatu ndi bodza limene ndatopa nalo kulimva, lakuti chiphunzitsochi chimapatsa Mkhristu ufulu wochita zimene akufuna, ndiponso kuti Paulo ndi Yakobo amatsutsana, kotero kuti aliyense angasankhe amene akumukonda. Mwezi watha ndinapita kukagula chimanga pa msika wina kuno mumzinda, ndipo wogulitsayo, amene ndimamudziwa kuti ndi munthu wopemphera, ankayezera ndowa imene pansi pake anaipondereza m'kati kuti izidzaza msanga. Mayi wina wachikulire amene anali patsogolo panga anaitembenuza ndowayo, n'kuloza pansipo ndi chala, n'kufunsa kuti, "Achimwene, inu simupemphera kodi?" Bamboyo anayankha mosatekeseka kuti, "Amayi, tili m'nthawi ya chisomo, sitipulumuka ndi ntchito." Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, chifukwa anatenga chiphunzitso chimene chinamasula anthu ambiri ku mantha n'kuchisandutsa chophimbira kuba.

Tsegulani Baibulo lanu, abale ndi alongo, ndipo ngati n'kofunika imitsani vidiyoyi kaye. Paulo ndi Yakobo onse awiri akutchula Abrahamu, koma akuloza nthawi ziwiri zosiyana za moyo wake. Pa Aroma 4, Paulo akuloza Genesis 15:6, pamene Abrahamu anakhulupirira lonjezo la Mulungu ndipo Mulungu anamuwerengera chikhulupirirocho chilungamo. Nthawi imeneyo Ismayeli anali asanabadwe, ndipo Genesis imatiuza kuti Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, pamene mdulidwe unabwera ali ndi zaka 99. Kotero Abrahamu anakhala wolungama pamaso pa Mulungu zaka zoposa 13 asanadulidwe, ndipo mfundo imeneyi Paulo ankaifuna chifukwa ankalimbana ndi aphunzitsi amene ankauza Akhristu a mitundu ina, monga a ku Galatiya, kuti sangalandiridwe ndi Mulungu popanda mdulidwe ndi malamulo a Mose.

Yakobo, m'chaputala chachiwiri cha kalata yake, akuloza Genesis 22, pamene Abrahamu, atakalamba ndithu, anakwera phiri ndi Isake kukamupereka nsembe. Anthu amene Yakobo ankawadzudzula analibe vuto la mdulidwe. Anali anthu amene munthu wovala mphete yagolide akalowa mumsonkhano ankamupatsa mpando wabwino, wosauka n'kumuuza kuti aime uko kapena akhale pansi, ndipo akaona mbale wausiwa ndi wanjala ankangomufunira mafuno abwino osamupatsa kanthu. Amene mumalandira alendo pakhomo la tchalitchi Lamulungu m'mawa, chaputala chimenecho muchiwerenge kawiri. Yakobo akuti chikhulupiriro cha pakamwa chotere ngakhale ziwanda zili nacho, pakuti nazonso zimadziwa kuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo zimanthunthumira. Paulo akuyankha funso lakuti munthu wochimwa amalandiridwa bwanji ndi Mulungu, pamene Yakobo akuyankha funso lakuti chikhulupiriro chenicheni chimaoneka bwanji.

Komanso Paulo mwiniwake anadziwiratu kuti padzakhala anthu ngati wogulitsa chimanga uja. Pa Aroma 6:1 akufunsa ngati tiyenera kupitiriza kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndipo akukana kwamtuwagalu. Ambiri amaloweza Aefeso 2:8-9, kumene akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo osati ndi ntchito, koma amatseka Baibulo asanafike vesi 10, limene likuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Yang'anani Zakeyu pa Luka 19. Yesu anayamba ndiye kumuitana ali mumtengo, asanabweze ngakhale khobidi limodzi, koma atalandiridwa anaimirira n'kulonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda monyenga. Kubwezako kunabwera pambuyo pa kulandiridwa, koma kunabwera ndithu.

Wina alemba m'makomenti kuti Luther ankadana ndi kalata ya Yakobo, ndipo ine sindibisa choonadi. M'mawu oyamba a Chipangano Chatsopano chimene anamasulira mu 1522 anaitcha kalata ya udzu poiyerekeza ndi makalata a Paulo, ndiponso pa Aroma 3:28 anaikapo mawu akuti "chokha", kuti vesilo lizinena za chikhulupiriro chokha, mawu amene m'Chigiriki choyambirira mulibe. Pamenepo ine ndimaona kuti anaweruza Yakobo mopitirira muyezo. Komabe Luther yemweyo, m'kabuku kake ka ufulu wa Mkhristu ka mu 1520, anaphunzitsa kuti mtengo uyenera kuyamba wakhala wabwino kuti ubale zipatso zabwino. Mutagula mango pa msika n'kuwamangirira ku nthambi za bulugamu, mtengowo sungasanduke wa mango, ndipo mtengo wa mango umene nyengo zikudutsa osabala kanthu mwini munda amayamba kuukayikira. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo ya chikhalidwe cha Reformed imaphunzitsa, amafunsa pa funso 64 ngati chiphunzitsochi sichisandutsa anthu osasamala ndi oipa, ndipo amayankha kuti n'kosatheka kuti munthu wolumikizidwa kwa Khristu ndi chikhulupiriro choona alephere kubala zipatso za chiyamiko. Ngati muli ndi mnzanu amene amabisala kumbuyo kwa mawu akuti chisomo, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp, koma mutumize mwachikondi.

Mfundo yachinayi ndiifupikitsa chifukwa nthawi yathamanga, ndipo ikukhudza abale athu Akatolika. Si zoona kuti Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti munthu amagula chipulumutso ndi ntchito zake. Msonkhano waukulu wa mabishopu a Katolika wa ku Trent, m'chigamulo chake cha mu 1547, unanena kuti palibe chimene munthu amachita asanalungamitsidwe chimene chingamuyenereze kulandira chisomo chimenecho. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti Aprotestanti amaona kuyesedwa wolungama ngati chigamulo cha Mulungu, n'kuika kuyeretsedwa kwa moyo ngati chinthu chotsatira, pamene Akatolika amaphatikiza ziwirizi, kuti Mulungu akamakhululukira munthu amamusinthanso m'kati. Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse la Lutheran World Federation anasainirana chikalata chovomereza kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amatipatsa mphamvu yochitira ntchito zabwino. Amethodisti anavomereza chikalatachi mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse la World Communion of Reformed Churches linachita chimodzimodzi mu 2017 ku Wittenberg, ngakhale kuti mipingo ina ya Lutheran inakana kusaina chifukwa inaona kuti kusiyanako sikunathe.

Ndilembereni m'makomenti vesi limene limakuvutani pa nkhaniyi, ndipo mutchule dera limene mukuonera, kaya ndi Kawale, Area 25 kapena Likuni. Sabata yamawa tibwerera kwa Tetzel ndi zikalata zake, kuti tione ngati chiphunzitso cha "kufesa mbewu" kuti Mulungu akuyankhe, chimene chafala m'misonkhano yambiri masiku ano, chikusiyana ndi malonda amene Luther anatsutsa mu 1517.