Makalata a Omvera: Agogo Sanaseke Pamene Chaplin Ankadya Nsapato

Takulandirani omvera athu nonse a m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka. Lero ndasankha makalata atatu okamba za mafilimu, ndipo ndiyamba ndi ya bambo achikulire a ku Bangula, amene apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe.

Iwo alemba kuti: "Ndili mnyamata, galimoto ya kanema inkabwera pabwalo la sukulu madzulo, n'kupachika chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, ndipo tinkakhala pafumbi udzudzu ukutiluma popanda wosuntha. Lero adzukulu anga amakalipira pachisakasa cha vidiyo kumsika, kumene womasulira amalankhula osapuma. Ndikawafunsa zimene aona, amandibwerezera nthabwala za womasulirayo. Kodi anawa akuonera filimu kapena akumvera wailesi?"

Takhuta, bambo, chifukwa funso lanu lafika pamtima pa nkhani. Omasulira sindingawanyoze, pakuti ndi amene achititsa kuti mayi wogulitsa nsomba zouma pa Dyeratu atsatire nkhani ya ku India kapena ku Korea m'chilankhulo chake. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amaopa bata. Wokonza filimu waluso amasiya dala malo opanda mawu, kuti woonera aone yekha manja a mayi akunjenjemera pamene wamva za maliro, koma womasulira akaponyapo nthabwala pomwepo, ntchito yonse ija yapita m'madzi. Ndikupemphani kuti tsiku lina mukhale nawo adzukuluwo, mutsitse mawu kwa mphindi zisanu, kenako muwafunse kuti wakwiya ndani, wabisa chinthu ndani, ndipo adziwa bwanji.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 wa ku Ngabu, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Iye akuti: "Achimwene anabwera ndi filimu pafoni, yakuda ndi yoyera, ya munthu wa ndevu zochepa pansi pa mphuno, wa kandodo ndi nsapato zazikulu. Poyamba tinkayesa kuti foni yawonongeka chifukwa anthu sankalankhula. Munthuyo ataphika nsapato yake n'kuyamba kudya, tonse tinafa nacho chiseko, koma agogo aakazi sanaseke. Anati zawakumbutsa chaka chimene ankapita kudambo kukazula nyika kuti ana adye. Kodi filimuyi ndi yoseketsa kapena yomvetsa chisoni?"

Mwanawe, filimu imene munaonayo ndi The Gold Rush ya 1925, ndipo munthuyo ndi Charlie Chaplin, amene anabadwira ku London mu 1889. Foni ya achimwene anu ili bwinobwino. M'masiku amenewo mafilimu analibe mawu. Oimba ankaimba m'holo momwemo pamene zithunzi zikuyenda, ndipo mawu ochepa ofunika ankalembedwa pachinsalu. Mafilimu olankhula anayamba kufala kuchokera mu 1927, koma Chaplin anakakamirabe njira yakeyo mpaka m'zaka za m'ma 1930, podziwa kuti nkhope ndi manja zimamveka kwa Mngelezi ndi Msena chimodzimodzi.

Mukaionerenso, muyang'anitsitse mmene akudyera. Nsapatoyo akuipakula m'mbale mwaulemu, akugawira mnzake, zingwe zake akuzikulunga pafoloko, ndipo misomali akuiyamwa umodziumodzi monga mmene timachitira ndi minga ya mlamba. Munthu amene wapanikizika ndi njala m'kanyumba kozingidwa ndi chipale chofewa akukana kutaya ulemu wake wa pachakudya. Chaplin anakulira muumphawi wadzaoneni, mpaka anakhalapo m'nyumba yosungiramo osauka ali mwana, choncho njala sankaimvera kwa anthu ena. Inu munaona luso lake n'kuseka, agogo anu anaona njalayo n'kukhala chete, ndipo nonse munaona zoona. Ine ndimaika filimu imeneyi pamwamba pa mafilimu ambiri a nkhondo amene amadzaza zisakasa zathu, chifukwa patha zaka 100 koma yakhudza mayi wachikulire wa ku Ngabu popanda womasulira. Mukawafunse agogowo za chaka cha nyikacho, ndipo mukamvetsere bwino.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo. Akuti mafilimu akale ndi otayitsa nthawi, amakono ndiwo ali ndi zithunzi zowala, ndipo akufunsa chifukwa chake sitiona nkhani za kwathu kuno pakanema.

Achimwene, pa zithunzi zowala mwanena zoona, ndipo amakono abwino alipo ambiri. The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka mu 2019, inajambulidwa m'Malawi muno ndipo ikufotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola komanso zida za njinga. Chichewa cha ena mwa osewera ake chimamveka chachilendo m'makutu mwathu, komabe njala ya 2002 yaonetsedwa mosabisa, ndipo mukaiika pambali pa ya Chaplin muona kuti onse awiri akugwira nkhani imodzi. Palinso The Last Fishing Boat ya 2012, ya Shemu Joyah, yokamba za moyo wa asodzi a kunyanja pamene alendo okaona malo achuluka.

Koma funso lanu lachiwirilo landikhala pamtima. Chigwa chino chinaona madzi osefukira a Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa Malichi 2023, pamene anthu a ku Makhanga ankafikiridwa pabwato, ndipo chili ndi mbiri ya Mbona wa ku Khulubvi imene akuluakulu athu amaisunga pamtima. Ndikufuna kumva kwa achinyamata amene ayesapo kujambula nkhani ngati zimenezi, ngakhale ndi foni chabe: munajambula chiyani, munaonetsa kuti, ndipo anthu anati bwanji? Makalata amenewo ndidzawawerenga sabata yamawa, pamodzi ndi ya mayi wa ku Tengani amene akufunsa za mafilimu a ku Nigeria.