Chifukwa chimene x² − 49 siifanana ndi (x − 7)²

Ndakulandirani nonse kuchokera kuno ku Blantyre, makamaka inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE. Lero tichita factorise (kulemba samu ngati mabulaketi ochulukitsana) samu imene m'kalasi timaitchula kuti difference of two squares, kutanthauza kuchotsa sikweya imodzi pa sikweya ina, ndipo lamulo lake ndi ili: a² − b² = (a − b)(a + b).

Choyamba, onetsetsani kuti pakati pali chizindikiro chochotsera. Chachiwiri, pezani chimene chinadzichulukitsa chokha kumbali iliyonse. Pa x² − 49 tikupeza x ndi 7. Chachitatu, lembani mabulaketi awiri, lina lochotsera, lina lophatikiza: (x − 7)(x + 7).

Tsopano ndifike pa bodza limene limandipweteketsa mutu ndikamachonga makope, lakuti x² − 49 ndi chimodzimodzi (x − 7)². Tiyerekeze kuti kwanu ku Bangwe muli ndi bwalo la mamita 10 mbali zonse, ndipo pakona pake mwamanga khola la nkhuku la mamita 3 mbali zonse. Bwalo lonse ndi masikweya mita 100, khola ndi 9, choncho malo otsala oyanikapo zovala ndi 91. Koma wokhulupirira bodzali achotsa 3 pa 10, apeza 7, nkuti 7 × 7 ndi 49. Nanga masikweya mita 42 enawo apita kuti? Mukanakhala eni bwalolo, kodi mukanavomera?

Jambulani bwaloli papepala, muliyang'ane bwinobwino. Malo otsalawo ndikuwadula pawiri: chigawo chachikulu cha 10 kwa 7 ndi kachigawo ka 3 kwa 7. Ndikakanyamula kachigawoka n'kukalumikiza kumapeto kwa chachikulucho, pakutuluka bwalo la mamita 13 m'litali ndi 7 m'lifupi, ndipo 13 × 7 ndi 91 yomwe ija. Kumeneko n'kumene kumachokera 10 + 3 ndi 10 − 3.



Chachinayi, chimene ndikanayenera kuyamba nacho, fufuzani nambala yogawa mbali zonse: 2x² − 50 imasanduka 2(x² − 25), kenako 2(x − 5)(x + 5). Koma x² + 49 muisiye momwemo, chifukwa njirayi siigwira pamene pali chizindikiro chophatikiza.

Musanatseke, yesani x⁴ − 16, ndipo musafulumire kuika cholembera pansi, chifukwa limodzi mwa mabulaketi anu lidzafunika kuligawanso.