Wezulo wa ku koleji ndi wezulo wa NBA: kodi oyimbira amatumikira malamulo kapena owonera?

Takulandirani owonera athu nonse. Pakati pa anthu okonda mpira wa basketball ku America pali mkangano umene sutha, wakuti oyimbira masewero a m'makoleji amatsata malamulo mosayang'ana nkhope, pamene oyimbira a mu NBA, ligi ya osewera olipidwa, amatsinzina dala kuti akatswiri otchuka asangalatse khamu la anthu. Mu vidiyo ino tiona kumene maganizo amenewa adachokera, ndiponso chifukwa chake ine sindigwirizana nawo kwathunthu.

Choyamba tiyenera kudziwa kuti magulu awiriwa a oyimbira satsatira buku limodzi la malamulo. Masewero a NBA amatenga mphindi 48 m'zigawo zinayi, pamene a amuna a m'makoleji, amene amayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, amatenga mphindi 40 m'zigawo ziwiri. Mu NBA timu ili ndi masekondi 24 oti iponye mpira ku ukonde, koma ku koleji ili ndi masekondi 30. Wosewera wa NBA amatulutsidwa akachita mafawulo 6, pamene mnzake wa ku koleji amatuluka akangofika pa 5, ndipo kusiyana kwa fawulo imodzi kumeneku kumachititsa kuti wezulo aliyense wa ku koleji alemere kwambiri. Palinso lamulo la NBA loletsa wotchinga kuima pansi pa ukonde kupitirira masekondi atatu ngati palibe mdani amene akumulondera, lomwe ku koleji kulibe, ndipo ndilo limatsegula njira yoti akatswiri athamangire ku ukonde n'kuvwika mpira mwamphamvu monga momwe anthu amakondera kuona.

Nkhani imene imapsetsa mitima kwambiri ndi ya masitepe. Munthu akaona katswiri wa NBA Giannis Antetokounmpo akuchokera kutali ndithu n'kufika pa ukonde atangodunda mpira kamodzi, amafulumira kunena kuti woyimbira wagona pa ntchito. Koma mu 2019 NBA idalemba momveka bwino kuti masitepe awiri ololedwa amayamba kuwerengedwa wosewera akatha kuugwira mpira n'kusiya kuudunda, kotero phazi limene lili pansi pa nthawi yogwirayo siliwerengedwa. Ku koleji woyimbira amayang'ana phazi limene wosewera waimapo ndipo salola zambiri. Choncho nthawi zambiri chimene owonera amachitcha kulekerera chimakhala lamulo lolembedwa. N'zoona kuti ligiyi imasintha malamulo pofuna kuti masewero akome: mu 2004 idakhwimitsa lamulo loletsa wotchinga kuyika dzanja pa thupi la wodunda mpira, ndipo mu 2021 idauza oyimbira kuti asiye kupatsa mwayi osewera amene amadzigundika dala pa otchinga pofuna fawulo. Ine sindiona cholakwika pamenepa, popeza lamulo lolengezedwa poyera, limene timu iliyonse ikulidziwa nyengo isanayambe, silibera aliyense.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa olemba ntchito. Oyimbira a NBA ndi antchito okhazikika a ligiyo, ali ndi bungwe lawolawo lowaimira, ndipo masewero awo onse amaunikidwa ndi akuluakulu awo. Oyimbira a m'makoleji salembedwa ntchito yokhazikika ndi NCAA. Amagwira ngati aganyu, amalipidwa pa masewero alionse, ndipo amatumidwa ndi magulu a makoleji monga Big Ten, ACC ndi SEC. Popeza m'gulu lapamwamba lokha muli makoleji oposa 350, munthu mmodzi akhoza kuyimbira mumzinda uno lero n'kukwera ndege kukayimbira kwina mawa, ndipo zimene woyimbira wina amazitcha fawulo, wina amazisiya. Ubwino wa dongosolo la NBA ndi wakuti kayimbidwe kamafanana, koma vuto lake ndi lakuti ligi imene imalemba ntchito oyimbira ndi yomweyonso imene imagulitsa masewerowo ku makampani a kanema, ndipo mgwirizano umene idasaina mu 2024 ndi wa madola pafupifupi 76 biliyoni kwa zaka 11. Apa m'pamene pamamera chikayiko.

Chikayikocho chili ndi mbiri yake. Mu 2002, pa masewero achisanu ndi chimodzi a ndime yomaliza ya chigawo cha kumadzulo, Los Angeles Lakers idapatsidwa mwayi woponya popanda wotchinga maulendo 27 m'chigawo chachinayi chokha, n'kugonjetsa Sacramento Kings 106 kwa 102. Kenako mu 2007 woyimbira Tim Donaghy adavomera m'khothi milandu yokhudza kubetcha ndi kuulula zinsinsi za masewero kwa obetcha, ndipo mu 2008 adalamulidwa kukhala kundende miyezi 15. Iye adanena kuti masewero a 2002 aja adakonzedwa, koma David Stern, amene anali mkulu wa ligi, adakana, ndipo palibe khothi limene lidatsimikiza zimenezo. Ngakhale n'choncho, ligi idaona kuti iyenera kudzionetsa poyera. Mu 2014 idatsegula malo ounikira zithunzi za masewero ku Secaucus, New Jersey. Mu 2015 idayamba kutulutsa lipoti la mphindi ziwiri zomaliza za masewero opanikizana, lotchula pamene oyimbira adalakwitsa. Ndipo mu 2019 idalola makochi kutsutsa chigamulo cha woyimbira. Mu Januwale 2023, Jayson Tatum atamenya mkono wa LeBron James pa sekondi yomaliza wezulo osalira, oyimbira adavomera okha kuti adalakwitsa. Taonani kuti amene adapwetekedwa tsiku limenelo anali katswiri wotchuka kuposa onse, chinthu chimene chimasonyeza kuti si kulakwitsa kulikonse kumene kuli kukondera.

Nanga ku koleji zinthu n'zoyera? Ayi. Mu 2019, pa ndime ya matimu anayi omaliza mu mpikisano wa NCAA, oyimbira sadaone Ty Jerome wa Virginia akudunda mpira kawiri mosaloledwa, ndipo masekondi ochepa pambuyo pake adayimba fawulo imene idapatsa Kyle Guy, nayenso wa Virginia, mwayi woponya katatu, Virginia n'kugonjetsa Auburn 63 kwa 62. Komanso milandu ikuluikulu ya osewera olandira ndalama kwa obetcha kuti achepetse dala mapointi idachitikira ku makoleji, ku City College of New York mu 1951 ndi ku Boston College m'nyengo ya 1978 mpaka 1979.

M'maganizo mwanga, zosangalatsa anthu malo ake ndi m'buku la malamulo, koma zikalowa m'mutu mwa woyimbira pa nthawi yoliza wezulo, pamenepo masewero aonongeka, kaya ndi mu NBA kapena ku koleji. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri tsopano ndi kubetcha. Kuyambira mu Meyi 2018, pamene khothi lalikulu la America lidachotsa lamulo limene linkaletsa maboma a zigawo zambiri za dzikolo kulola kubetcha pa masewero, fawulo imodzi ikhoza kusuntha ndalama zochuluka m'matumba a anthu, ndipo mu Epulo 2024 NBA idathamangitsa Jontay Porter wa Toronto Raptors moyo wake wonse chifukwa cha nkhani yomweyi. Woyimbira wa NBA ali ndi abwana amodzi amene amaunika wezulo wake aliyense, pamene wa ku koleji amayankha kwa magulu osiyanasiyana, ndipo ndikuona kuti mpata woti obetcha alowerepo ndi waukulu kumeneko kusiyana ndi kumene anthu ambiri amakayikira.