Madzulo ano ndikuvula korona

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno achokera m'buku la Estere, mutu 2 ndi mutu 4. Mukapeza mpata muwerenge mitu iwiri yonseyi musanayambe ntchito.

Lero ndi tsiku langa lomaliza kukhala chiphadzuwa. Madzulo ano ndikwera pansanja kukatsanzika, kenako ndichotsa korona pamutu panga n'kuveka mtsikana wina amene pakali pano sakudziwa n'komwe kuti ndi iyeyo. Tulo tandithawa kusanache. Korona ali m'bokosi lake pathebulo apa, ndipo ndati ndisachoke ndisanakuuzeni zimene Mulungu wandichitira m'chaka chimenechi.

Inu amene simunavalepo korona, dziwani kuti sakhala pamutu yekha. Amachita kumukhomerera ndi mapini olowa m'tsitsi mpaka kukanda khungu. Pakatha maola awiri mutu umayamba kugunda, khosi limauma chifukwa sungawerame, ukawerama agwa. Kunsi nako nsapato za gogoda zikukuluma zala. Nthawi yonseyo ukumwetulira. Sindikudandaula ayi. Udindowu ndinaufuna ndekha, ndinaupempherera, ndipo wandifikitsa pamaso pa ana ndi amayi amene pandekha sindikanawafikira. Koma kumwetulira uku mutu ukuwawa kumakuphunzitsa chinthu choopsa, chakuti nkhope ikhoza kunena china mtima ukunena china, anthu osazindikira. Pakapita miyezi umazolowera. Ine zinafika poti ngakhale popemphera ndinkagwiritsa ntchito mawu aja a pa maikolofoni, osalala, osankhidwa bwino, ngati Mulungu nayenso ndi mmodzi wa oweruza mpikisano.

N'chifukwa chake Estere wakhala mnzanga chaka chino. Ambiri timaiwala kuti anali ndi dzina lina. Estere 2:7 amamutchula Hadasa, mwana wamasiye wachiyuda amene analeredwa ndi msuweni wake Moredekai. Mfumu Ahaswero, amene ankalamulira zigawo 127 kuyambira ku India mpaka ku Kusi, atachotsa Vasiti pa ufumukazi, anasonkhanitsa anamwali okongola ku Susani. Aliyense ankakonzedwa miyezi 12 asanaonekere kwa mfumu, isanu ndi umodzi akudzola mafuta a mure, isanu ndi umodzi ina zonunkhira. Chaka chathunthu, monga changachi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinalembetsa ndekha, iye anachita kutengedwa.

Onani kuti Baibulo silimudzudzula chifukwa cha mafutawo. Ndikunena izi chifukwa ena andiuza kuti mtsikana wopemphera sangaphode nkhope kapena kuyenda pansanja. Ine sindikuona choncho. Estere anadzola, anavala zachifumu, Mulungu n'kumugwiritsa ntchito ali momwemo. Nkhani inali pa dzina lija lobisika. Anamuveka korona m'chaka cha 7 cha ufumu wa Ahaswero, ndipo Hamani, nduna yaikulu ya mfumu, anachita maere osankha tsiku lophera Ayuda m'chaka cha 12. Werengerani nokha. Pafupifupi zaka zisanu ali m'nyumba yachifumu, anthu osadziwa mtundu wake, aliyense akumuitana Estere. Ndimadzifunsa kuti kodi m'zaka zimenezo anamva kangati munthu akuitana kuti Hadasa.

Vesi limene linandigwira mtima ndi Estere 4:4. Moredekai wamva za chiwembu cha Hamani, wang'amba zovala, wavala chiguduli, wadzola phulusa, akulira mofuula pafupi ndi chipata cha mfumu. Uthenga utamupeza Estere, anavutika mtima kwambiri, koma chinthu choyamba chimene anachita chinali kumutumizira zovala kuti avule chigudulicho. Sanayambe wafunsa chomwe chavuta. Moredekai anazikana zovalazo, ndipo apo m'pamene Estere anatuma mtumiki wake Hataki kukafunsa kuti kwagwanji. Nditawerenga pamenepa ndinatseka Baibulo n'kukhala chete, chifukwa ndinadziona ndekha. Munthu ukakhalitsa pamalo pamene maonekedwe ndiwo chilichonse, ukaona m'bale wako akulira umathamangira kukonza maonekedwe ake.

Zanga zinachitika m'mwezi wachisanu wa udindo wanga. Tinapita kukacheza ndi ana odwala m'chipatala china, titanyamula mphatso. Kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, kali ndi diripi pamkono, kanatambasula dzanja kuti kakhudze korona. Ndinagwada pambali pa bedi n'kukakumbatira, ndipo zimenezo zinachokera mumtima. Wojambula zithunzi anandigwira paphewa nati kuwala sikunali bwino, tibwereze titayang'ana kuzenera. Ndinadzuka, ndinakonza lamba uja wolembedwa udindo wanga kuti zilembo zioneke, ndinagwadanso, ndinakakumbatiranso. Kachiwiri aka mwanayo sanandigwire. Manja ake anangokhala pabulangeti, maso ali pa ine. Chithunzi chachiwiricho ndi chimene chinaikidwa pa Facebook ndi pa Instagram, ndipo anthu anachikonda kuposa zithunzi zanga zonse za chaka chino. Analemba kuti ndili ndi mtima wa mngelo. Ine ndinkadziwa kuti ndinatuluka m'chipindamo osafunsa ngakhale dzina la mwanayo.

Wojambulayo sindimuimba mlandu, ankagwira ntchito yake. Wobwereza ndinali ine.

Usiku umenewo amayi anandiimbira foni, n'kundiitana ndi dzina la kunyumba limene palibe wa ku mpikisano amalidziwa. Ndinawayankha ndi mawu aja a pansanja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwanawe, ndikufuna ndilankhule ndi mwana wanga, osati ndi chiphadzuwa." Ndinalira mpaka zophoda zonse zinathera papilo. Akulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Amayi ndiwo anali Moredekai wanga tsiku limenelo, anakana zovala zokongola zimene ndinawatumizira.

Moredekai anauza Estere kuti asaganize kuti apulumuka yekha chifukwa chokhala m'nyumba ya mfumu, ndiponso kuti mwina anafika pa ufumuwo chifukwa cha nthawi ngati imeneyo. Vesili timalikonda, timalilemba pa zithunzi zathu tikapambana. Koma taonani chimene nthawiyo inkafuna kwa iye. Kukongola kwake mfumu inali itakuona kale, moti panali patatha masiku 30 osamuitana. Chimene chinatsala chinali choti alowe osaitanidwa, podziwa kuti lamulo likuti wotero aphedwe pokhapokha mfumu itamuloza ndi ndodo yagolide, akaulule kuti anthu amene aweruzidwa kuti afewo ndi anthu ake. Anasala kudya masiku atatu. Tsiku lachitatu anavala zachifumu, inde, koma wolowa m'bwalomo anali Hadasa.

Kuyambira pamenepo ndinasintha zinthu zing'onozing'ono. Ndikafika pamalo ndimapempha kuti mphindi zoyamba zikhale zopanda kamera. Ndimafunsa maina n'kuwalemba m'kabuku, madzulo ndimawatchula m'pemphero. Ndinakana kutsatsa mafuta ena oyeretsa khungu ngakhale ndalama zake ndinkazisowadi, chifukwa sindikanatha kuuza atsikana kusukulu kuti Mulungu anawapanga bwino m'mawa, madzulo n'kumawagulitsa mankhwala osintha khungu lomwelo. Ena anakhumudwa nane. Maitano ena anasiya kubwera. Zinandipweteka, sindinama.

Chinandilimbitsa mtima ndi nkhani ya Zozibini Tunzi wa ku South Africa, amene anapambana Miss Universe mu 2019 ali ndi tsitsi lake lachibadwa, lometedwa lalifupi. Iye mwini anafotokozapo kuti anthu ambiri ankamulangiza kuvala wigi kuti apambane, koma anakana. Ndipo chifukwa cha mliri wa Covid-19 anakhala ndi korona mpaka mu 2021, kupitirira chaka chimene ena amapatsidwa. Komabe naye tsiku linafika, anavula n'kuveka wina. Mipikisano imeneyi ndi yakale, Miss World inayamba ku London mu 1951, Miss Universe mu 1952, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pa udindowo mpaka kalekale. Paulo ankazidziwa izi polembera Akorinto, amene pafupi ndi mzinda wawo pankachitika masewera aakulu, wopambana n'kuvekedwa nkhata ya masamba. Pa 1 Akorinto 9:25 akuti iwo amadziletsa kuti alandire korona wofota, ife wosafota. Wangayu ndi wachitsulo ndi timiyala tonyezimira, safota ngati masamba, koma mawa m'mawa adzakhala pathebulo la wina.

Mwina inu simunayendepo pansanja, koma muli ndi udindo umene anthu amakuitanirani mpaka dzina lanu lenileni layamba kumveka lachilendo. Abusa, aphunzitsi, abwana, amayi a m'mpingo osalira. Alipo kodi amene mwamusiyira ufulu wokana zovala zimene mwamutumizira n'kukuuzani zoona? Ngati alipo, muimbireni lero, ndipo muyankhule naye ndi mawu anu a kunyumba.

Tiyeni tipemphere. Atate, ndikupempherera mtsikana amene ndimuveke madzulo ano. Mumupatse Moredekai wake msanga, asadikire mwezi wachisanu ngati ine. Ndikupemphereranso mwana uja wa diripi pamkono amene dzina lake sindinafunse. Inu mukulidziwa. Mumuchiritse, ndipo ngati n'kotheka mundikumanitse nayenso popanda kamera. M'dzina la Yesu, Ameni.