Kodi ku Dedza ndi ku Ntcheu kudakali akambuku?

[Chithunzi: phiri la Dedza m'mamawa, nkhungu itakuta mitengo ya paini]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili ku Dedza, ndipo tikukamba nkhani ija imautsa mkangano pa bawo, m'minibasi ndi m'magulu a WhatsApp mbuzi ikangosowa m'khola. Kodi kuno kudakali akambuku ndi mikango, kapena anthu timangoopsezana?

Mukafunsa ku Bembeke kapena kumunsi kwa Golomoti, simusowa munthu wolumbira kuti anaona kambuku akudutsa msewu wa Khwekhwerere usiku, maso ali ngwee pa nyali za galimoto. Pomwepo wina amuseka, n'kumufunsa kuti kambukuyo akugona pati poti mitengo yonse inathera ku makala.

Mkangano wotere si wathu tokha. Ku Britain, dziko lomwe kulibe kambuku wam'tchire ngakhale mmodzi wobadwira komweko, anthu akhala akukangana zaka zambiri za amphaka akuluakulu akuda omwe akuti amawaona kumidzi. Mu 1976 boma lawo linakhazikitsa lamulo lokhwima pa zoweta nyama zoopsa pakhomo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti eni ake ena anangozitayira kutchire. Mu 1980 mlimi wina ku Scotland anakoladi puma, mphaka wamkulu wam'tchire wa ku America, pamsampha, koma nyamayo inkaoneka kuti inazolowera anthu. Mu 1995 boma linafufuza ku Bodmin Moor, dera lina la ku England, osapeza umboni wogwira mtima. Chaka chomwecho mnyamata wina anatola chigaza cha kambuku mumtsinje, anthu n'kuti eya, si izi! Akatswiri atachiunika anapeza kuti chinachotsedwa pa chikopa choyala pansi m'nyumba, chochokera kunja.

Ife zathu n'zosiyana. Kambuku kuno ndi kwawo. Agogo athu ankamutchera misampha, dzina lake lili m'nthano ndi m'miyambi, ndipo mukapita ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Ntcheu muona zikopa zamawangamawanga pa mapewa a mafumu. Choncho sitikufunsa ngati anakhalako. Tikufunsa ngati adakalipo.

[Chithunzi: mapu a Malawi, akuonetsa Majete, Liwonde, Kasungu ndi Dedza]

Za mkango tithane nazo msanga. Mkango subisala. Umakhala pagulu, umabangula mpaka kumveka makilomita angapo, ndipo umafuna nyama zazikulu ngati njati ndi mbidzi, zomwe m'mapiri athuwa mulibe. Mikango inali itatheratu ngakhale m'malo ena osungira nyama, mpaka bungwe la African Parks linachita kuibweretsa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, ndipo uko kuli mpanda wamagetsi. Mkango wosochera, wodutsa kuchokera kutali, ungathe kuoneka tsiku lina. Koma gulu la mikango lokhazikika ku Chongoni kapena ku Tsangano, ayi. Ng'ombe zikanatiuza kalekale.

Kambuku ndiye wovuta. Amayenda yekha, usiku, ndipo sasankha ndiwo: anyani, apusi, mbira za m'matanthwe, agwape, akalulu, ngakhale galu wapakhomo. Pamene pali mapanga, miyala ndi zigwa zoti munthu safikako kawirikawiri, angathe kukhala zaka anthu osamuona. Tsopano taonani dera lathu. Phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200. Chongoni, komwe kuli mapanga a zojambula zamakedzana aja omwe bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala malo a mbiri yofunika padziko lonse. Matherezi otsikira ku Mua ndi nkhalango ya Mua-Livulezi. Mapiri a Kirk Range ku Ntcheu. Ndipo Mozambique ili tsidya la msewu chabe, pa Lizulu munthu amaoloka malire pokagula tomato. Nyama sidinditsa pasipoti, ndipo akambuku aamuna achinyamata amadziwika kuti amayenda mitunda yaitali kufunafuna malo awoawo.

Ndiye amene akuti n'zosatheka akufulumira. Komanso amene akuti mbuzi iliyonse yosowa yapita ndi kambuku akufulumira kwambiri, ndipo apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo.

[Chithunzi: njuzi ili chiimire m'udzu, kenako kambuku ali pa nthambi]

Nyama yomwe imanamiza anthu ambiri ndi njuzi. Nayo ili ndi mawanga, imakonda m'madambo, ndipo usiku pa tochi imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Koma njuzi ndi yamiyendo italiitali, makutu akuluakulu oimirira, mchira waufupi, ndipo kulemera kwake kawirikawiri sikupitirira makilogalamu 18. Imadya mbewa, mbalame ndi nkhuku. Kambuku ndi wojintcha, wamutu waukulu, makutu aang'ono ozungulira, ndipo mchira wake ndi wautali kwambiri, umatsika n'kupindikira m'mwamba kunsonga. Mawanga a m'nthiti mwake ndi timagulu tozungulira, pakati pali mpata, pomwe a njuzi ndi madontho akuda bii. Munthu akakuuzani kuti waona kambuku, musamufunse za mawanga. Mufunseni za mchira.

Kulira kwake nakonso sikusokoneza. Kambuku sabangula ngati mkango. Amalira ngati anyamata amacheka akudula thabwa m'nkhalango ya paini, kukoka ndi kubweza, kangapo motsatizana, kenako zii.

[Chithunzi: kamera yayandikira pa dothi lonyowa kuseri kwa khola]

Koma umboni weniweni umakhala pansi, ndipo ndi womwe timauwononga tokha. Mbuzi ikagwidwa, m'mawa mudzi wonse umathamangira ku khola, ana, agalu, aliyense ndi ndodo yake, ndipo pofika 7 koloko mapazi a chilombo aja afufutika onse.

Taonani phazi ili. Zala zinayi, ndipo kutsogolo kwa chala chilichonse kuli kadzenje ka chikhadabo. Ameneyu si mphaka wa mtundu uliwonse wa kuno. Kambuku, njuzi ndi vumbwe amabweza zikhadabo poyenda, sizidinda pansi. Zikhadabo zikaoneka, ganizirani galu kapena fisi. Kenako onani chidendene: cha kambuku chimakhala ndi timatumphu titatu kumbuyo, cha fisi tiwiri topendekeka. Phazi la fisi lakutsogolo limakhalanso lalikulu kuposa lakumbuyo.

Ndiye pali mmene mbuziyo yafera. Kambuku amaluma pakhosi, kusiya mabowo a mano, n'kukokera nyamayo pachitsamba, paphanga kapena m'mwamba mumtengo. Nthawi zambiri amakudzula ubweya asanayambe kudya, ndipo amabwereranso usiku wotsatira. Fisi alibe ulemu wotere. Amathyola khola, amakhadzula, amatafuna mafupa, ndipo ndowe zake zikauma zimayera mbuu chifukwa cha mafupawo. Agalu amaluma paliponse, miyendo, makutu, mimba, nthawi zina mbuzi zingapo osadya n'komwe. Ndipo mukapeza chitseko cha khola chatsegulidwa bwinobwino, chingwe chamasulidwa, magazi palibe, musavutike kuitana alenje. Chilombo chimenecho chimayenda ndi miyendo iwiri, ndipo nyamayo mwina ikuwotchedwa kale pa chiwaya.

Ine kuona kwanga, mbuzi zambiri zomwe timanamizira kambuku zimapita ndi afisi, agalu ndi akuba. Afisi ndiye osakayikitsa, alipo, amapezeka ngakhale mumzinda wa Lilongwe.

Mantha nawo amakulitsa nyama. Akuluakulu mukukumbukira chilombo cha ku Dowa mu 2003, chomwe chinapha anthu atatu, kuvulaza ena ambiri, ndipo anthu zikwizikwi anathawa m'midzi yawo kukagona pa boma. A zanyama zakutchire ankati ayenera kuti anali fisi wachiwewe. Anthu ena omwe anachiona anakana, amvekere fisi timamudziwa. Mpaka lero nkhaniyi ikatuluka pamaliro, anthu sagwirizana. Koma mfundo ya chiwewe musaitaye: nyama yakutchire yoyenda masana, yosaopa anthu, yoluma chilichonse, ndi yoopsa kuposa kambuku wathanzi, yemwe akamva phazi la munthu amathawa. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti aone kaye.

[Chithunzi: kabokosi ka kamera katamangiriridwa pa mtengo]

Chomwe chingathetse mkanganowu ndi ichi: kamera yomangirira pamtengo, yojambula yokha chinthu chikadutsa, usiku kapena masana. Ofufuza amaziika m'tinjira ta nyama, ndipo popeza mawanga a kambuku aliyense ndi osiyana ndi a mnzake, amatha kuwerenga kuti alipo angati. Zithunzi zija zimazungulira pa Facebook, kambuku ali pakhonde la nyumba akuti ndi ku Ntcheu, muziyang'anitsitsa. Zambiri ndi za ku India kapena ku South Africa, ndipo chithunzi chomwecho mawa adzati ndi ku Mzimba.

Mukakumanadi ndi kambuku, musathamange ndipo musamutsekereze njira, bwererani pang'onopang'ono. Musatchere msampha wa waya kapena kuthira mankhwala pa nyama yotsala, mumapha agalu anu omwe ndi miimba. Komanso lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Uzani a mfumu, a polisi, ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Ndipo mukapeza phazi lokayikitsa, letsani ana kupondapo, livundikireni ndi beseni. Ikani bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, mujambule foni ili chowongoka pamwamba, dzuwa lisanakwere. La njuzi limangofanana ndi bokosilo, la kambuku limaliposa ndithu. Chithunzicho mutitumizire, mutiuze mudzi ndi tsiku, tidzachionetse kwa odziwa mapazi a nyama mu vidiyo yotsatira.