Makalata a omvera: kodi kudzichitira chifundo ndi kudzikonda?

Takulandirani omvera athu. Sabata yatha tinacheza za yoga, masewera odziwongola thupi ndi kukhazika mtima pansi, ndipo mwatilembera ndithu. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande.

"Ndimadwazika amayi anga amene anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko. Kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku, kuwamwetsa phala, zonse ndi ine. Msana utayamba kundivuta, mnzanga ananditengera ku yoga ya Loweruka m'mawa, ndipo ndimapezako bwino. Koma ndikangoyala kamphasa kanga, mtima umandiweruza kuti ndasiya wodwala pabedi. Aphunzitsi athu amati chifundo chiyambire pa iwe mwini. Kodi kumeneko si kudzikonda?"

Mayi, pepani ndi matendawo, ndipo mukugwira ntchito yaikulu. Ine ndikuti si kudzikonda ayi. Patanjali, mphunzitsi wakale wa ku India amene anasonkhanitsa chiphunzitso cha yoga m'chinenero cha Sanskrit, anachigawa m'magawo 8. Kudziwongola kumene mumachita pamphasapo ndi gawo lachitatu. Awiri oyambawo ndi a khalidwe, ndipo lamulo loyambirira penipeni ndi ahimsa, kusavulaza chamoyo chilichonse. Aphunzitsi ambiri a masiku ano amati pa zamoyozo muwerengepo ndi inu nomwe, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Msanawo ndi umene umanyamula amayi kuchoka pabedi kupita kubafa. Ukathyoka, adzawatembenuza ndani pakati pa usiku?

Koma chandikhudza kwambiri ndi mawu anu akuti "zonse ndi ine". Lamulo lachiwiri ndi satya, kunena zoona. Mwina achibale akafunsa mumayankha kuti zonse zili bwino, pomwe maso ali psuu ndi tulo. Akhazikeni pansi alongo anu ndi abale anu, muwauze mosabisa kuti mwatopa, mugawane masiku. Wina sangabwere, atumize sopo kapena matewera. Mukapita nawo kuchipatala amayiwo, pemphani a mafizo akuwonetseni kanyamulidwe kosapweteka msana. Ndipo pamphasapo, mukamva kulasa, lekani. Musakakamize thupi kupinda ngati la mnzanu wa pambali.

Yachiwiri yachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ya m'dimba la maluwa ku Johannesburg.

"Abwana anga amandikalipira pamaso pa anthu, malipiro amachedwetsa. Munati yoga imaphunzitsa kusavulaza. Ndiye ndizingopirira?"

Ayi achimwene, musangopirira. Patanjali yemweyo anatchula mitima inayi: ubwenzi kwa amene zikuwayendera, chifundo kwa ovutika, chimwemwe kwa ochita zabwino, ndi kudekha pamaso pa ochita zoipa. Kudekhako ndi kwakuti mkwiyo usakudyeni mpaka kukaufikitsa kwa ana kunyumba. Sikuvomereza nkhanza. Mumzinda womwe mulimowo, m'chaka cha 1906, Mahatma Gandhi anatsogolera amwenye kukana lamulo la boma la Transvaal, dera lomwe munali mzindawo, lowakakamiza kulembetsa ndi kudinda zala. Sanamenye munthu, komanso sanagonje, ndipo ambiri analowa nazo m'ndende. Inu lembani masiku amene mwagwira ndi ndalama zimene mwalandira, mulankhule nawo abwanawo mwaulemu koma mosazungulira. Akapitiriza, ku South Africa kuli bungwe la CCMA loona mikangano ya pantchito.

Bambo wina wa ku Kasungu wafunsa mwachidule: "Ine ndine Mkhristu. Yoga si chipembedzo china?"

Bambo, sindikubisirani. Yoga inamera m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo ahimsa amaigwiritsitsanso a Chijaini ndi a Chibuda. Lero anthu a zikhulupiriro zosiyanasiyana amaichita pofuna thanzi chabe, ndipo bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2014 kuti 21 Juni likhale tsiku la yoga padziko lonse. Akhristu ena amaichita, ena amaikana chifukwa cha chikumbumtima, ndipo onsewo ndimawalemekeza. Ngati mtima ukukayika, kambiranani ndi abusa anu, mufunsenso mphunzitsi wa yogayo ngati m'kalasi mwake muli mapemphero kapena nyimbo zachipembedzo musanalembetse.

Nthawi yatithera. Makalata otsalawo tiwerenga sabata yamawa.