Nyengo ya maukwati: kupumitsa thupi ntchito ili mkati

Zikomo apampando, zikomo amayi ndi abambo osoka, ndi inu a m'masaluni mwakhala kumbuyoko. Senderani kuno, mphepo ya Dedza imalanda mawu.

Tikulowa miyezi ija makina sazizira. Anthu agulitsa kachewere ndi nyemba, Loweruka lililonse ukwati kapena chinkhoswe, Seputembala mayunifolomu a sukulu, musanapume Khirisimasi yafika. Anzanu a ku New York, London, Milan ndi Paris nawonso ali ndi nyengo yotere. Kawiri pa chaka, cha mu Febuluwale ndi mu Seputembala, mizinda inayiyi imalandizana zionetsero za zovala pafupifupi mwezi wathunthu, osoka ndi okonza tsitsi akugonera pa ntchito. Kumeneko kwatchuka zinthu zitatu zochotsera kutopa: sauna, yoga ndi mindfulness. Mayina ngachilendo, koma zambiri mwa izo zimatheka pakhonde pomwe mumasokerapo, ndipo sizidikira kuti nyengo ithe.

Sauna kwawo ndi ku Finland, ndipo mu 2020 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mwambowu m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu. Ndi kachipinda ka matabwa, mkati muli ng'anjo yosanjikidwa miyala pamwamba. Kutentha kumafika madigiri 70 mpaka 100. Amawaza madzi pang'ono pamiyalapo kuti nthunzi ikwere, munthu n'kukhalamo mphindi 10 kapena 15, kenako atuluke, azizidwe, amwe madzi. Kutenthako kumatakasa mitsempha ya magazi, mtima umathamanga pang'ono, minofu yomangika n'kumasuka.

Ndaona ena mwayang'anizana: "Si kufukiza kumene kuja?" N'zapachibale ndithu, koma ngozi ili apa. Musalowetse mbaula ya makala m'bafa kapena m'chipinda chotseka kuti mupange sauna. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndiye kumapita choncho. Sauna ya nkhuni utsi wake umatulukira pa chumuni, ndipo zachikale zopanda chumuni salowamo mpaka moto utazima, utsi utatha. Inu a simbi ya makala, mawuwa ngwanunso: zenera likhale lotsegula ngakhale mu Juni.

Ngati mukufukiza ndi masamba a bulugamu, phulani mphika, muuike pansi polimba, osati pamiyendo, mudikire mphindi zisanu madzi aleke kubwadamuka. Nkhope italikire ngati mkono umodzi, maso otseka, ndipo mphindi 10 zakwana. Ana ayi, amapsa ndi madziwo. Mayi woyembekezera ayi. Wa khunyu, wa mtima, wa BP yosakhazikika, ndi amene walawa kachasu, ayinso, chifukwa thupi likatentha BP imatsika, munthu podzuka amagwa, mphika uli pomwepo. Komanso thupi likatentha lokha, pitani akakuyezeni malungo, nthunzi siipha tizilombo ta malungo.

Kunena zoona, kwa telala chothandiza kwambiri n'chosavuta kuposa pamenepo. Viikani thawulo m'madzi ofunda, oti chigongono chikupirira, mufinye, muike pakhosi ndi pamapewa mphindi 15, likazizira muviikenso. Mapazi opalasa makina tsiku lonse alowe m'beseni. Odwala shuga ayese madziwo ndi dzanja kaye, poti mapazi awo nthawi zina samva kutentha.

Yoga inachokera ku India, ndipo kuyambira 2015 pa 21 Juni ndi tsiku lake pa dziko lonse. Ena a mpingo amaikayikira chifukwa mizu yake ili m'chipembedzo cha kumeneko. Ameneyo ndi mlandu wa mtima wanu. Ife tikutengapo kuwongola thupi, ndipo mphasa yakwana.

Taonani mmene telala amakhalira: mutu kutsogolo kuyang'ana singano, mapewa opindikira mkati, msana ngati uta. Mutu ukapita kutsogolo, minofu ya kumbuyo kwa khosi ndiyo imaunyamula, n'chifukwa chake madzulo litsipa limayambira kunkhongo. Ndiye pakatha ola lililonse, kapena mukamaliza chovala chimodzi, imirirani. Bwezani chibwano m'mbuyo ngati kamba akubweza mutu, muwerenge mpaka 5, kakhumi. Kenako gwiranitsani manja kumbuyo, mutulutse chifuwa, masekondi 20 mpaka 30. Tambasulani mkono, chikhatho chiyang'ane kutsogolo, dzanja linalo likokere zala kwa inu pang'onopang'ono. Izi ndi zanu makamaka oluka tsitsi ndi ogwira sizasi.

Madzulo pamphasa gwadani ngati mwana wokwawa. Potulutsa mpweya tukumulani msana m'mwamba ngati mphaka waona galu, pokoka mpweya muutsitse, kasanu ndi katatu. Mukatero khalirani zidendene, mphumi pansi, manja kutsogolo, mphindi imodzi. Pomaliza gonani chagada, miyendo muitsamize pakhoma mphindi zisanu, kutupa kwa mapazi kumatsika. Cholakwika cha ambiri ndi kudzikakamiza ndi kugwedezagwedeza kuti afike patali, kwinaku atagwira mpweya. Mnofu ukadzidzimutsidwa umadzikoka, m'malo momasuka umatha kung'ambika. Kumva kukoka n'kwabwino, kubaya ngati singano siyani pomwepo. Dzanzi la m'zala lokudzutsani usiku, kapena ululu wotsika mwendo kuchokera m'chiuno, zimenezo ndi za kuchipatala.

Maso nawo: pakatha mphindi 20, yang'anani kutali, kaya ku phiri la Dedza uko, masekondi 20.

Chachitatu ndi mindfulness, kutanthauza kuika mtima pa chimene chikuchitika pano. Mizu yake ili m'Chibuda, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anaiyambitsa ngati maphunziro a milungu isanu ndi itatu ochepetsa nkhawa pa yunivesite ya Massachusetts ku America. Mukuidziwa nthawi imene sizasi imadula polakwika: manja ali pa diresi la mkwatibwi, maganizo ali pa mayi wolusa uja wanena kuti abwera 4 koloko. Musanadule nsalu yodula, ikani sizasi pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume osati mapewa kukwera, mutulutse mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa motalikitsa ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Maganizo athawa ndithu, apita ku ngongole ya ulusi. Musadzikalipire, ingowabwezani pa mpweya. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukukoka mwamphamvu kwambiri, chepetsani.

Tiyese pompano. Mafoni m'thumba, mapazi onse pansi, dzanja limodzi pamimba. Abambo kumapetoko, tsitsani mapewa. Eya, choncho. Ndiwerenga ine.